Ku chionetsero cha zaulimi ku Frederick ndi adzukulu: kodi ndakatulo ya manja ndi ndakatulo?

Gogo Nachisale: Moni nonse abale anga. Ndakhala chete chifukwa cha ulendo uja wodzaona ana kuno ku Maryland. Loweruka mwana wanga ndi mkamwini onse anali ku ntchito, ndiye anangotitula pa geti ine ndi adzukulu awiri ku chionetsero cha zaulimi cha boma la Frederick. Amachitcha Great Frederick Fair, chimachitika chaka ndi chaka mu Seputembala. Kuno pafupifupi boma lililonse limakhala ndi chake nyengo yokolola ikayandikira. Ine ndimaganiza kuti ndikaona anthu a masuti akuonetsa mbewu pa tebulo. Ayi ndithu. Ndinapeza tiana ta zaka 10 kapena 12 tikusambitsa ng'ombe ndi sopo, kuiumitsa ndi makina opemerera mphepo, kenako kuipesa mchira. Ndi ana a kalabu ya achinyamata yophunzitsa zaulimi ndi maluso ena, yotchedwa 4-H. Mwana amalera yekha chiweto chake, kuchidyetsa ndi kuchiphunzitsa kuyenda pa chingwe, ndiye pa tsikulo amayenda nacho pamaso pa woweruza. Wopambana amalandira riboni ya buluu, wachiwiri yofiira, wachitatu yoyera. Riboniyo sikuti ndi ya ziweto zokha, ngakhale dzungu, uchi, keke, jamu ndi bulangete losoka pamanja zimaweruzidwa. Koma chomwe ndalembera si ng'ombe ayi. Ndidikireni ndimwe kaye tiyi.

Bambo a Limbani (Mchinji): Agogo musathawe msanga pa ng'ombepo. Zinali za mtundu wanji? Nanga mbuzi zinaliko?

Gogo Nachisale: Bambo a Limbani, zamkaka zambiri zinali zamawangamawanga akuda ndi oyera zija, ma Holstein, ndi tina tofiirira ta Jersey. Mbuzi zinaliko, zoyera thupi mutu wofiirira, makutu olendewera. Mdzukulu wanga wamwamuna anawerenga pa chikwangwani kuti Boer.

Bambo a Limbani (Mchinji): Zimenezo ndi za ku Joni agogo! Zinafika mpaka ku America? Ine ndili ndi tonde mmodzi wa mtundu umenewo, ndimakweretsa za kuno.

Gogo Nachisale: Tsopano nkhani ija. Ambiri mukudziwa kuti mdzukulu wanga wamkazi, Tadala, anabadwa wosamva. Ali ndi zaka 9. Makolo ake anasamukira ku Frederick chifukwa kuno kuli sukulu ya ana osamva yakalekale, inatsegulidwa mu 1868, ndiye m'tauni muno anthu olankhula chinenero chamanja ndi ambiri. Ku chionetseroko phokoso linali losaneneka, makamaka kufupi ndi bwalo lomwe magalimoto akutha amagundana dala mpaka kutsala imodzi yoyenda. Ine ndi mlongo wake timakuwirana m'khutu osamvana. Tadala anali pamwamba pa chigudumu chachikulu chija cha Ferris wheel, akucheza bwinobwino ndi mnzake wa kusukulu amene anali pansi pa mzere wa matikiti, mpaka kusekana. Usiku titafika kunyumba anandikhazika pa mpando, kuyatsa magetsi onse, nkuima patsogolo panga. Mlongo wake anati, agogo, akufuna akulakatulireni ndakatulo ya lero.

Anayamba ndi chala chamkombaphala chokha, chili chilili, chikuyenda pang'onopang'ono chotsimphina. Ndinadziwa ndekha kuti ameneyo ndine ndi bondo langali. Kenako zala ziwiri zinasanduka maso, kuyang'ana m'mwamba, kukwerabe, kukwerabe, pakamwa pali yasa. Kenako zala zitatu, chachikulu chili pa chipumi, lipombo la tambala, ndipo nkhope yake inasintha nkukhala ya tambala wonyada uja tinamuona ndi riboni pa khola lake. Zala zinayi za manja onse zinakhala mzere wautali wa anthu odikira chakudya, mzere wosasuntha. Pomaliza zala zonse zisanu m'mwamba zikugwedezeka, ndiko kuomba m'manja kwa anthu osamva. 1, 2, 3, 4, 5, tsiku lonse lathera momwemo. Mphindi imodzi sinakwane. Ndinamuuza abwereze ndipo anabwereza ndendende, osasintha kanthu.

Nambewe wa ku Area 25: Eee agogo mwandiliza. Mulungu adalitse kamwanako.

Aphunzitsi Mbewe (opuma): Mayi Nachisale, zikomo potigawira. Mwanayo ndi wanzeru, palibe angatsutse. Koma poti gulu lino tinaliyambitsa chifukwa chokonda ndakatulo, mundilole ndinene maganizo anga. Ndaphunzitsa Chichewa mpaka kupuma, ndipo ana ndimawauza kuti ndakatulo imakhala m'mawu: kamvekedwe, kubwereza kwa maliwu, kukwera ndi kutsika kwa liwu, malo opumira. Chimene mwafotokozachi ine ndingachitche sewero lalifupi lopanda mawu, labwino ndithu. Gule naye amanena zambiri ndi thupi, tonse timamva uthenga wake, koma palibe amati gule ndi ndakatulo.

Nambewe wa ku Area 25: Aphunzitsi inunso, mwana wa zaka 9 mukumuchongera ndi cholembera chofiira?

Aphunzitsi Mbewe (opuma): Sindikuchonga mwana, Nambewe. Ndikufunsa za dzina la chinthucho.

Madam Namaseko: Funso la aphunzitsi ndi lenileni, tisawakalipire. Ine ndinaphunzira za maphunziro a ana olumala ku Montfort ku Nguludi ndipo ndaphunzitsa ana osamva, ndiye ndiyankheko. Aphunzitsi, kusiyana kwa gule ndi chinenero chamanja nkwakuti ndi gule simungapemphe mchere, simungakambe mlandu wa malire a munda, simunganame. Ndi chinenero chamanja zonsezi zimatheka. Ndi chinenero chathunthu chokhala ndi malamulo ake. Amene anayamba kusonyeza zimenezi mwa ukatswiri ndi William Stokoe mu 1960, ali mphunzitsi pa Gallaudet ku Washington, sukulu ya ukachenjede ya anthu osamva yomwe chikalata chake anasaina Abraham Lincoln mu 1864. Iye anaona kuti chizindikiro chilichonse chimapangidwa ndi tizigawo: kaumbidwe ka dzanja, malo amene dzanja laikidwa, ndi kayendedwe kake. Ena anadzawonjezera kumene chikhatho chaloza, komanso zimene nkhope ikuchita. Mukasintha kachigawo kamodzi tanthauzo lasintha, monga mmene kusintha lembo limodzi kumasinthira mawu.

Ndiye taonani zimene wachita Tadala. Sanangotengera mmene agogo amayendera. Wadziikira lamulo lakuti dzanja lake lidutse mu 1, 2, 3, 4, 5 motsatana, osadumpha, osabwerera, ndipo nkhani ikwane momwemo. Pa 3 sakanaika nkhumba kapena nkhosa ngakhale anaziona, chifukwa mu chinenero chamanja cha ku America ndi tambala amene amapangidwa ndi zala zitatuzo pa chipumi. Inu mukamauza ana kuti ndime iliyonse ikhale ndi mizere 4 ndipo mathero afanane, simukuchita zomwezo? Kudzimanga dala kuti luso lioneke.

Aphunzitsi Mbewe (opuma): Madam, mfundo ya lamuloyo ndaimva. Koma nanga kufanana kwa maliwu kumapeto kwa mizere kumachitika bwanji popanda liwu?

Madam Namaseko: Kumachitika ndi maso. Mlakatuli amasankha zizindikiro zotsatana zokhala ndi kaumbidwe kamodzi ka dzanja, kapena zonse zochitikira pa malo amodzi, kapena zoyenda mofanana. Woonera amazindikira kubwerezako monga khutu lanu limazindikirira. Clayton Valli, mlakatuli wosamva wa ku America amene anamwalira mu 2003, anafufuza zimenezi mpaka kutenga digiri ya udokotala pa ndakatulo za chinenero chamanja mu 1993. Liwiro liliponso: kufulumira, kuchedwa, kuimitsa dzanja m'malere. Agogo atiuza kuti mzere wa anthu unali wosasuntha, ndikhulupirira pamenepo mwana anachedwetsa dala. Ndipo pali china chimene ife a pakamwa sitingathe: manja ndi awiri, lamanja likhoza kunena china lamanzere likunena china nthawi yomweyo, nkhope nayo ikuwonjeza chachitatu.

Gogo Nachisale: Madam mwalasa. Pa mzerepo anachedwa mpaka ine kutopa ngati ndaimanso pa mzere weniweniwo, iye akuyang'ana pa mkono ngati pali wotchi.

Bambo a Limbani (Mchinji): Pepani kudula. Agogo, ziweto za anazo pomaliza zimapita kuti? Amabwerera nazo kunyumba?

Gogo Nachisale: Zamkaka ndi zoswetsa amabwerera nazo. Zanyama, monga nkhumba, nkhosa ndi ng'ombe zonenepetsa, amagulitsa pa okushoni kumapeto kwa chionetsero. Mayi wina amene tinakhala naye pa benchi anandifotokozera kuti ogula ambiri ndi eni mabizinesi a m'deralo, ndipo amakweza mtengo dala kuposa wa pa msika kuti alimbikitse mwanayo. Ndalamazo mwana amasungira sukulu kapena kugulira chiweto cha chaka chamawa. Ndinaona kamnyamata kena katagona m'khola mutu uli pa mimba ya nkhumba yake, maso ali ofiira.

Bambo a Limbani (Mchinji): Kulirira nkhumba? Koma azungu. Komabe nzeru yoti mwana akhale ndi chiweto chakechake ndaikonda. Limbani ndimupatsa kamsoti kamodzi tione.

Sisi Chrissy (Leeds): Ndabwera mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Kuno ku UK zionetsero zoterezi ziliko, kufupi ndi ife kuli Great Yorkshire Show ku Harrogate mu Julaye, ndinapitako ndi ana. Koma chodabwitsa, kuno riboni ya woyamba imakhala yofiira, ya buluu ndi ya wachiwiri. Pa za manjazo, ine ku ntchito ndinaphunzirako pang'ono BSL, chinenero chamanja cha kuno, ndipo ndinkaganiza kuti ndikhoza kucheza ndi Tadala poti maiko onsewa ndi a Chingerezi. Mphunzitsi wathu anaseka. Akuti nzosiyana kotheratu, ngakhale zilembo kuno amapanga ndi manja awiri pomwe ku America ndi dzanja limodzi. Cha ku America chili pa ubale ndi cha ku France, chifukwa Laurent Clerc, mphunzitsi wosamva wa ku Paris, ndi amene anakathandiza Thomas Gallaudet kutsegula sukulu ku Hartford mu 1817. Mlakatuli amene amamutchula kwambiri kuno ndi Dorothy Miles wa ku Wales, amene anakaphunzira ku Gallaudet komweko nkubwerera kudzalakatula mu BSL.

Achimwene a ku Joni: Kuno ku South Africa chinenero chamanja anachivomereza mu 2023 kukhala cha nambala 12 pa zinenero za boma. Ku Zimbabwe anayamba kale, chili m'malamulo awo a 2013 pa zinenero 16. Kwathu ku Malawi timangoona womasulira pa kakona ka TV nthawi ya nkhani, kakang'ono kwambiri moti ndimadabwa ngati osamvawo amaona zala.

Aphunzitsi Mbewe (opuma): Zonsezi ndaphunzirapo. Koma vuto langa lina ndi ili. Mayi Nachisale atatilembera, chimene chinafika kwa ife ndi chakuti gogo anayenda, anayang'ana kumwamba, tambala, mzere, kuomba m'manja. Pa pepala palibe ndakatulo pamenepa. Ndakatulo ya Chichewa ndikhoza kuilemba, mwana wa ku Nsanje nkuiwerenga zaka 50 zikubwerazo. Iyi isungidwa bwanji?

Mlakatuli Wachabechabe: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, nyimbo za pamtondo ndi nthano za agogo athu zinalembedwa liti? Zinali kale luso asanabwere amishoni ndi zilembo. Ine ndimalakatula pa maukwati ndi pa wailesi, ndipo zimene ndimalemba m'kope ndi mafupa chabe, anthu amaombera m'manja mmene ndazinenera.

Chikondi B: Moni akuluakulu. Ine sindilemba kawirikawiri pa gulu pano, ndimangowerenga. Ndine wosamva kuyambira ndili ndi zaka 4, ndinadwala malungo aakulu. Ndimakhala ku Blantyre, ndine telala. Chichewa changa cholemba mundikhululukire, chinenero changa choyamba ndi manja.

Aphunzitsi, ndikuyankheni ine mwini wake. Sukulu imene ndinaphunzira, nthawi imeneyo manja amaletsa m'kalasi. Amafuna tiwerenge milomo ndi kutulutsa mawu. Ukagwidwa ukulankhula ndi manja, rula pa zala. Tsiku lonse kugwira pakhosi pa aphunzitsi kuti umve kunjenjemera kwa liwu, kenako kugwira pakhosi pako. Ndinatuluka ndikutha kunena mawu ochepa amene anthu samawamvabe. Koma usiku ku hostelo kunali mnyamata wina wamkulu, timamuzungulira pafupi ndi windo pomwe pamalowa kuwala kwa babu la panja. Amatiuza za minibasi yodzaza, yekha akukhala kondakitala, dalaivala, mayi wa nkhuku, nkhuku yomwe, ngakhale tayala likuphwa. Ina inali ya mvula yoyamba, manja ake osasintha kaumbidwe kuyambira mitambo, madontho, ngumbi kutuluka, mpaka chimanga kumera. Timamuuza abwereze, ndipo ukalakwitsa pobwereza anzako amakukonza. Ya mvulayo ndimaidziwa mpaka lero ndipo ndinaphunzitsa ana anga, iwo amamva. Sinalembedwe paliponse. Mnyamatayo anamwalira kale. Ngati si ndakatulo, mundiuze dzina lake.

Nambewe wa ku Area 25: Achimwene a Chikondi, zaka zonsezi pa gulu pano osatiuza!

Chikondi B: Pa foni tonse timafanana mayi. Ndi chifukwa chake ndimadandaula mukatumiza ma voice note okhaokha.

Admin Kondwani: Mfundo imeneyo ndailandira. Kuyambira lero wotumiza ndakatulo pa voice note alembenso mawu ake pansi. Ndiika pa malamulo a gulu.

Madam Namaseko: Zimene akunena a Chikondi za rula sizinayambire kwathu. Mu 1880 ku Milan, ku Italy, kunali msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva, pafupifupi onse anali anthu akumva, ndipo anagwirizana kuti ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa osati manja. Maganizo amenewo anafalikira m'maiko ambiri kwa zaka pafupifupi 100, aphunzitsi osamva ambiri anachotsedwa ntchito. Pa funso la kusunga, aphunzitsi, anthu osamva analiganizira kale. Mu 1913 George Veditz, amene anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la anthu osamva ku America, anajambulitsa kanema akulankhula ndi manja, cholinga chake chinali choti chinenerocho chisafe ndi eni ake. Kanemayo alipo mpaka pano. Iyeyo anabadwira ku Baltimore ndipo anaphunzira pa sukulu ya ku Frederick yomweyo imene agogo akunena. Lero buku la ndakatulo za manja ndi vidiyo, ndipo foni iliyonse ikhoza kujambula. Kwathu kuno bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi, ndipo sukulu zilipo ku Maryview, Mua, Mountain View, Embangweni ndi kwina. Chimene sindinaonepo ndi munthu woyenda ndi kamera kukajambula ndakatulo ngati ya mvula ija akuluakulu amene amazidziwa adakali moyo.

Aphunzitsi Mbewe (opuma): Bambo Chikondi, zikomo. Mwati anzanu amakukonzani mukalakwitsa pobwereza. Pamenepo mwandigwira, chifukwa sewero wamba munthu amangochita mmene wafunira, koma chinthu chokhala ndi kalakwitsidwe ndiye kuti chili ndi kamangidwe. Sindinafike povomera zonse. Ine ndakatulo ndimaimva m'khutu ndipo pa msinkhu wangawu sindisintha msanga. Koma ya mvulayo ndikufuna ndiione ndi maso anga, osati kuuzidwa.

Chikondi B: Ndijambula Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, mwana wanga agwira foni. Koma sindiika mawu omasulira poyamba. Muone kaye kawiri, munene zimene mwaona, kenako ndikuuzani. Agogo Nachisale, inu phunzirani cha ku America chifukwa ndi cha mdzukulu wanu. Musadalire mlongo wake kumasulira, tsiku lina Tadala adzafuna kukuuzani zimene sakufuna mlongo wake amve. Akadzabwera ku Malawi mudzabwere naye kwa ife. Zizindikiro zathu ndi zina, koma osamva akakumana sachedwa kumvana. Kodi dzina la manja anakupatsani?

Gogo Nachisale: Anandipatsa bambo. Amagwira pa chipumi ngati akumanga duku, ndiye ineyo ameneyo. Akuti dzina lotere sudzipatsa wekha, amakupatsa ndi munthu wosamva. Zilembo ndayamba, koma zala zanga za nyamakazi zikukana M ndi N, iye amangondiwongola chala mosanyengerera. Pa 23 Seputembala akuti ndi tsiku la zinenero zamanja pa dziko lonse, kusukulu kwawo makolo aitanidwa ndipo ine ndapemphedwa ndi mwini wake kuti ndisavale zamaluwamaluwa ngati ndikufuna kuyeserera pamaso pa anzake, akuti zimasokoneza maso.

Sisi Chrissy (Leeds): Hahaha nzoona agogo, omasulira amavala zakuda kapena za mtundu umodzi. Chitenje chanu chija cha mbalame chisiyeni.

Mlakatuli Wachabechabe: Agogo tiponyereni vidiyo ya Tadala tione nawo. Ine ndikufuna ndiyese kulemba ya Chichewa yoyenda 1 mpaka 5 ngati yakeyo, ndione ngati ndingakwanitse popanda kukakamiza.

Gogo Nachisale: Ndafunsa. Mayi ake avomera bola isatuluke pa gulu pano, koma mwini wake wakana. Akuti pa 4 sipanamukhutitse, mzere wa anthu aliyense amauchita m'kalasi mwawo, akufuna apezepo china. Akuganiza za mpanda wa khola la nkhosa kapena tsitsi la hatchi likuuluka. Akamaliza atumiza yekha.

Aphunzitsi Mbewe (opuma): Mumuuze kuti mpandawo asiye, atenge hatchi. Pambuyo pa tambala wongoima pakufunika chinthu chothamanga.

Gogo Nachisale: Ndamuonetsa uthenga wanu aphunzitsi, mlongo wake wamasulira. Wayankha kuti aganizira, koma musamuuze zochita.

Bambo a Limbani (Mchinji): Agogo mukapitakonso chionetserocho chisanatseke, mundijambulireko tonde wa Boer amene watenga riboni ya buluu, cham'mbali ndi chakumbuyo. Ndikufuna ndifanizire ndi wanga.